Kalembedwe ka Makanema ndi Zomvetsera za pa Intaneti m'Katalogu ya Laibulale

Mu laibulale ya sukulu kapena ya koleji kuno ku Mangochi, si zachilendo kuti wophunzira afike pa tebulo la woyang'anira kudzafunsa za kayanikidwe ka usipa, za matenda a likodzo, kapena za mbiri ya boma lino pa nthawi imene linkatchedwa Fort Johnston, n'kupeza kuti pa shelefu pali buku limodzi lokha, lakalekale, lothothoka masamba. Kawirikawiri woyang'anirayo amakhala akudziwa kanema wabwino wa pa YouTube, kapena pulogalamu ya pa wailesi yomwe inaikidwa pa intaneti, yofotokoza nkhani yomweyo, ndipo amatulutsa foni yake, n'kusakasaka linki m'mauthenga a WhatsApp, n'kumuonetsa mwanayo. Thandizo lotereli ndi labwino ndithu, koma limathera m'thumba la munthu mmodzi, moti tsiku limene iyeyo wapita kumaliro ku Namwera, kapena foni yake yagwera m'madzi, laibulale yonse imaiwala zoti kanemayo aliko. Malangizo awa ndi ofotokoza mmene tingachotsere chidziwitsocho m'foni n'kuchiika m'katalogu, kuti wina aliyense wofufuza mawu akuti usipa apeze buku ndi kanema pamodzi.

Ndikulembera makamaka anzanga amene amalemba marekodi a MARC 21 (kalembedwe ka katalogu ya pa kompyuta kogawa rekodi m'magawo a manambala) motsata malamulo ofotokozera katundu wa laibulale otchedwa RDA, omwe anatuluka mu 2010 kudzalowa m'malo mwa malamulo akale a AACR2, ndipo pena ndi pena nditchula Koha popeza ndi pulogalamu yaulere yoyendetsera laibulale yomwe ambiri aife tinaizolowera. Kuti nkhani isamayandame, tiyerekeze kuti tili ndi kanema wa mphindi 24 wojambulidwa pa doko lina cha ku Malindi, wosonyeza amayi akuyanika usipa m'nyumba ya pulasitiki yoyanikiramo nsomba. Amayiwo akulankhula Chiyao, wofotokoza nkhani akulankhula Chichewa, ndipo m'munsi mukudutsa mawu a Chingerezi. Tiyenda naye kanema ameneyu mpaka kumapeto.

Pali chinthu chimodzi choti chikhazikike m'maganizo musanatsegule kompyuta. Buku mukalidinda ndi kulipatsa nambala limakhala lanu, ndipo mawa mudzalipeza pomwe munalisiya, koma kanema wa pa intaneti ali m'nkhokwe ya eni ake, omwe angathe kumusintha dzina, kumudula, kumutseka kapena kumuchotseratu osakuuzani. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Choncho rekodi ya chinthu chotere iyenera kunena zoona zitatu zomwe rekodi ya buku siivutika nazo kwenikweni: chimene munaona, pamene munachiona, ndi tsiku limene munachiona.

Yambani ndi kusankha

Si kanema aliyense amene ayenera kulowa m'katalogu, ndipo nthawi imene mungataye posankha ndi yochepa poyerekeza ndi imene mungadzataye pokonza marekodi a zinthu zomwe zinasowa. Choyamba onani amene anaika kanemayo. Ngati ali pa tsamba la mwini wake, kaya ndi wailesi, nthambi ya boma, sukulu ya ukachenjede kapena bungwe lomwe linajambula, mwayi woti akhalitsa ndi waukulu. Ngati ali pa tsamba la munthu wongokopera za ena, muyang'aneni kaye kwa mwini wake, chifukwa makanema okopera ndi amene amachotsedwa msanga eni ake akadandaula, komanso laibulale siyenera kulozera anthu ku katundu wakuba. Lamulo la dziko lino loteteza ntchito za alembi, oimba ndi ojambula ndi la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Kulemba linki yolozera ku tsamba la mwini wake n'kosiyana kwambiri ndi kudawuniloda kanemayo n'kumusunga pa kompyuta ya laibulale kuti anthu azikopera m'mafulashi. Chachiwirichi musachite popanda chilolezo cholembedwa, pokhapokha ngati eni ake ananeneratu poyera, mwachitsanzo kudzera mu chilolezo cha Creative Commons, chomwe chimalola anthu kukopera ndi kugawa ntchitoyo motsata mfundo zake.

Chenjerani ndi zoulutsidwa pa Facebook nthawi yomwe zikuchitika. Kuyambira mu February 2025, Facebook imasunga makanema otere kwa masiku 30 okha kenaka n'kuwachotsa, choncho msonkhano wa asodzi kapena mwambo wa mapemphero woulutsidwa mwanjira imeneyi suyenera kulembedwa m'katalogu mpaka eni ake atauika pamalo pokhazikika. Pomaliza dzifunseni ngati owerenga anu angathe kumutsegula. Kanema wofuna kulipira mwezi ndi mwezi, kapena wotsekedwa kwa anthu a dziko lino, angokhumudwitsa wophunzira amene waononga bandulo yake pomufuna.

Muonereni yense, pepala ndi cholembera zili m'manja

Apa ndi pamene ambiri timachita ulesi, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo. Ndinalembapo rekodi ya pulogalamu ina yomvetsera nditangomva mphindi zisanu zoyambirira, n'kuiika pansi pa mutu wa ulimi wa mpunga, ndipo patapita miyezi mphunzitsi wina anadzandiuza mwaulemu kuti mbali yaikulu ya pulogalamuyo inali yokamba za ngongole za m'mabanki a m'mudzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati kanema ndi wamtali kwambiri moti simungamuthe, onerani poyambira ndi pothera mosadumpha, chifukwa m'menemo ndi mmene mumakhala mutu, maina ndi chaka, kenaka mulaweko malo angapo pakati.

Sankhani nthawi imene netiweki imayenda bwino kwanuko, ndipo lembani pa pepala, osati pa kompyuta pokha, kuti magetsi akathima musayambirenso. Zofunika kulemba ndi mutu monga ukuonekera m'kanema mwenimwenimo, mutu monga walembedwera pa tsamba la intaneti ngati ukusiyana, maina a ojambula, ofotokoza ndi ofunsidwa mafunso, chaka chojambulira, tsiku limene anamuika pa intaneti, kutalika kwake, zilankhulo zonse zomveka ndi zolembedwa, malo ojambulira, ndi tsiku lalero. RDA imati mutu wa kanema uchokere pa zolembedwa zooneka m'kanemamo, ndipo pokhapokha ngati mulibe ndi pamene mungatenge wa pa tsamba. Lamuloli lili ndi nzeru, pakuti mitu ya pa YouTube imalembedwa mokopa anthu, ndi zilembo zikuluzikulu ndi mawu okokomeza, ndipo mwini tsamba angathe kuisintha tsiku lililonse. Pa zomvetsera mulibe choona ndi maso, choncho mumadalira zolembedwa pa tsamba, ndipo mutu wonenedwa pakamwa ndi woulutsa mumaulemba ngati mutu wina wowonjezera.

Musanayambe rekodi yatsopano, fufuzani ngati wina anailemba kale. Mu Koha mungagwiritse ntchito Z39.50, njira yofufuzira m'makatalogu a ena, kufunsa ku Library of Congress ndi malaibulale ena, ngakhale kuti pa zinthu zojambulidwa kuno kwathu nthawi zambiri mudzabwerako chimanjamanja. Mukapeza rekodi ya DVD ya kanema yemweyo, ikopereni kuti ikuthandizeni maina ndi mitu ya nkhani, koma isanduke rekodi yatsopano yapayokha, chifukwa chimbale ndi kanema wa pa intaneti ndi zinthu ziwiri, ndipo mungazilumikize ndi gawo 776. Koma kanema mmodzi akamapezeka pa YouTube komanso pa Vimeo kapena pa Internet Archive, musamulembe kawiri. Rekodi ikhale imodzi, malinki okha ndi amene achuluke.

Zilembo zobisika zimene kompyuta imawerenga

Mbali iyi owerenga saiona, koma ndi imene imachititsa kuti wofufuza akasankha makanema okhaokha, kanema wathu atulukire. Mu Leader, womwe ndi mzere woyambirira wa rekodi, pa malo 06, funso ndi lakuti chinthucho n'chiyani, osati chabwera bwanji. Kanema amalandira g, zolankhula monga nthano, ulaliki kapena zokambirana za pa wailesi zimalandira i, ndipo nyimbo zimalandira j. Cholakwa chofala ndi kuika m poganiza kuti chilichonse cha pa intaneti ndi fayilo ya kompyuta, pamene chilembo chimenecho ndi cha zinthu monga mapulogalamu a kompyuta ndi masewero a pa kompyuta. Pa malo 07 ikani m ngati ndi chinthu chimodzi chathunthu.

Zoti chinthucho chili pa intaneti zimanenedwa m'magawo 006 ndi 007. Mu 006 yambani ndi m, pa malo 06 muike o, ndipo pa malo 09 muike c ngati ndi kanema kapena h ngati ndi zomvetsera. Gawo 007 mulilembe kawiri. Loyamba liyambe ndi cr, kusonyeza kuti ndi chinthu cha pa kompyuta chomwe chili kutali, ndipo lachiwiri liyambe ndi vz pa kanema kapena sr pa zomvetsera. M'marekodi akale a zomvetsera mudzapeza sz, chifukwa chilembo r chinawonjezedwa pambuyo pake.

Gawo 008 ndi lofunika kulidekhera. Kanema wathu atenga mw pa malo 15 mpaka 17, chomwe ndi chizindikiro cha Malawi, kenaka 024 pa malo 18 mpaka 20 kusonyeza mphindi zake, o pa malo 29, v pa malo 33, ndi l pa malo 34 popeza ndi anthu enieni osati zidole zojambula. Pa zomvetsera, chilembo o chija chimapita pa malo 23, osati 29, ndipo pa malo 30 ndi 31 mumanena mtundu wa zolankhulazo: o ndi nthano, t ndi kucheza kwa mafunso ndi mayankho, p ndi ndakatulo, l ndi zokamba za pa msonkhano kapena m'kalasi. Pa malo 35 mpaka 37 pamakhala chilankhulo chachikulu, ndipo Chichewa ndi nya, Chiyao ndi yao, Chitumbuka ndi tum, Chingerezi ndi eng. Musalembe chi poganiza kuti ndi chidule cha Chichewa, chifukwa chimenecho ndi Chitchaina, ndipo ndinaonapo marekodi a nyimbo za kwaya za kuno kwathu atasanduka a ku China mwanjira imeneyi.

Kufotokoza chinthucho

Mu 245 lembani mutu monga munauonera. Makanema ambiri amalowa ndi mutu wawo popeza amapangidwa ndi anthu ambiri, choncho mwa zizindikiro ziwiri (indicators) zotsatira nambala ya gawo, choyamba chimakhala 0, ndipo chachiwiri pa mutu wa Chichewa kapena Chiyao chimakhalanso 0, chifukwa zilankhulo zathu zilibe timawu toyambirira tofunika kudumpha monga The wa m'Chingerezi, yemwe amafuna 4. Musaikenso kagawo h kamene kankanena mtundu wa chinthu m'masiku a AACR2, popeza ntchito yake inatengedwa ndi magawo 336, 337 ndi 338. Mutu wa pa tsamba ukasiyana ndi wa m'kanema, uikeni mu 246 kuti wofufuza ndi mutu umenewo asabwerere. Ngati palibiretu mutu, pekani wanu wachidule wonena chimene chili m'katimo, monga Gule wa manganje pa mwambo wa chinamwali, ndipo munene mu 500 kuti mutuwo waperekedwa ndi wolemba katalogu.

Gawo 264 ndi limene limazunguza mutu, chifukwa chinthu chimodzi chimatha kukhala ndi zaka zitatu. Tinene kuti kanema wathu anajambulidwa mu 2019, pothera pake palembedwa chizindikiro cha umwini ndi chaka cha 2020, koma pa YouTube anaikidwa mu 2022. Ngati pa intaneti ndi pamene anatulukira koyamba kwa anthu, chaka chofalitsira ndi 2022, ndipo chilembedwe mu 264 ya chizindikiro chachiwiri 1. Chaka cha umwini chipite mu 264 ina ya chizindikiro chachiwiri 4, ndipo chaka chojambulira pamodzi ndi malo ake zipite mu 518. Mu 008 muike p pa malo 06, kenaka 2022 ndi 2019 motsatizana. Wofufuza amene akufuna kudziwa mmene usodzi unalili chaka chakutichakuti asocheretsedwa kwambiri mukangomupatsa chaka cha pa YouTube chokha. Wofalitsa ndi mwini tsamba kapena bungwe lomwe linatulutsa kanemayo, osati YouTube, monganso mmene mwini minibasi sakhala mwini katundu amene wanyamula. Malo ofalitsira akapanda kulembedwa koma inu mukuwaganizira, lembani motere: [Mangochi?].

Mu 300 mawu ake ndi okhazikika, ndipo amalembedwa m'Chingerezi ngati katalogu yanu ndi ya Chingerezi. Yambani ndi 1 online resource, kenaka m'kati mwa mikutiramawu mulembe 1 video file ndi kutalika kwake, 24 min., ndipo mu kagawo b mulembe sound, color. Pa zomvetsera mulembe 1 audio file. Musalembe kukula kwa masentimita, pakuti palibe chogwirika choti muyeze. Mu 336 kanema ndi two-dimensional moving image, zolankhula ndi spoken word, nyimbo ndi performed music, ndipo zidule zake ndi tdi, spw ndi prm. Magawo 337 ndi 338 sasintha pa zonsezi: computer ndi chidule c, online resource ndi chidule cr. Mukafuna kuwonjezera, 344 itenge digital, ndipo 347 itenge video file kapena audio file, koma mtundu wa fayilo monga MP3 muulembe pokhapokha ngati mwauona wolembedwa.

Zilankhulo, anthu ndi mitu ya nkhani

Kuno ku Mangochi nkhani ya chilankhulo si yongodzazira mpata. Mayi wa ku Makanjira amene wabwera ndi gulu lake kudzaonera za kayanikidwe ka nsomba afuna kudziwiratu ngati amva zonenedwazo, ndipo mphunzitsi wochokera ku Ntcheu amene samva Chiyao afunanso kudziwa ngati pali mawu omasulira. Mu 041 ya kanema wathu, chizindikiro choyamba chikhale 1 popeza muli zomasulira, kagawo a kalembedwe kawiri, nya ndi yao, ndipo kagawo j katenge eng kusonyeza mawu odutsa m'munsi aja. Pa zomvetsera, chilankhulo cholankhulidwa kapena choimbidwa chimapita mu kagawo d. Kenaka nenani zomwezo m'mawu omveka mu 546, chifukwa owerenga sadziwa zidulezo. Ngati inuyo simumva Chiyao bwinobwino, pemphani mnzanu womva kuti amvetsere nanu, ndipo musadalire mawu omasulira amene YouTube imadzipangira yokha, omwe si mbali ya kanemayo ndipo sayenera kulembedwa mu rekodi.

Ooneka ndi omveka m'kanema, monga wofotokoza, oimba ndi ofunsidwa, alembedwe mu 511, pamene ogwira ntchito kuseri, monga wogwira kamera ndi wolumikiza zithunzi, alembedwe mu 508. Amene anthu angawafufuze ndi dzina muwapatse 700, mabungwe 710, ndipo mu kagawo e munene ntchito yawo, monga director, narrator kapena interviewee. Anthu a m'mudzi amene angofunsidwa funso limodzi, maina awo osalembedwa m'kanema, musawatchule ngakhale mukuwadziwa, chifukwa anavomera kujambulidwa koma sanavomere kuti dzina lawo lizipezeka m'katalogu.

Gawo 520 ndi limene limakopa kapena kubweza wowerenga, popeza kanema sangamuvundukule masamba monga buku. Lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu zanuzanu zonena chimene chikuoneka, osati kukopera mawu otsatsa a pa tsamba. Ine ndimalemba 520 ziwiri, ina m'Chingerezi ina m'Chichewa, ndipo sindinaonepo vuto lililonse ndi zimenezi kupatula kuti zimadya mphindi zisanu. Mu 650 ikani mitu yovomerezeka, monga Fisheries yotsatidwa ndi Malawi, koma dziwani kuti m'ndandanda wa mitu wa Library of Congress nyanja yathuyi imalembedwa kuti Nyasa, Lake, dzina lomwe palibe mwana wa sukulu wa ku Monkey Bay angalilembe pofufuza. Mankhwala ake ndi gawo 653, momwe mungaike mawu amene anthu amanenadi: Lake Malawi, nyanja ya Malawi, usipa, utaka, chambo, chilimira, thandala, nyengo yotseka nyanja. Mu 655 nenani mtundu wake, monga Internet videos, Documentary films, Podcasts kapena Radio programs, ndipo mu 043 muike f-mw---. Nambala ya Dewey, yomwe pa usodzi ndi 639.2, ndi yothandizabe ngakhale kanemayo sadzakhala pa shelefu, chifukwa imamuika pafupi ndi mabuku anzake pofufuza.

Linki ndi umboni wa tsiku

Tsopano tafika pa 856, pomwe pagona ntchito yonse, pakuti rekodi yokongola ya linki yolakwika ili ngati chikwangwani cholozera ku mlatho womwe unakokoloka. Zizindikiro zake zikhale 4 ndi 0, ndipo linki ilowe mu kagawo u. Musailembe ndi manja, ikopereni, kenaka muisadzulire. Linki ya YouTube yotengedwa pa batani logawira anzanu imabwera ndi mchira woyamba ndi ?si=, ndipo ina imakhala ndi &t= yomwe imayambitsa kanema pakati, kapena &list= yomwe imamangirira kanemayo ku mndandanda wa ena. Zonsezi dulani, mutsale ndi linki yothera pa zilembo 11 zomwe ndi dzina lenileni la kanemayo. Pewani malinki ofupikitsidwa ndi makampani ena, chifukwa mukatero mwawonjezera munthu wachiwiri amene angakutayeni. Ngati chinthucho chili ndi adilesi yokhazikika yotchedwa DOI kapena Handle, monga zimakhalira m'nkhokwe za masukulu a ukachenjede, tengani imeneyo, popeza inapangidwa kuti isamasinthe ngakhale fayilo itasamuka.

Mu kagawo y lembani mawu oti wowerenga adinepo, monga Dinani apa kuti muonere, ndipo mu kagawo z muike chenjezo lothandiza. Kwathu kuno chenjezo lofunika kwambiri ndi la bandulo, choncho ndimakonda kulemba kuti woonera pa foni atsitse mlingo wa kaonekedwe ka chithunzi (quality) kufika pa 360p kapena 240p. Mu 506 nenani ngati chinthucho n'chotsegukira aliyense kapena n'cha okhawo olumikizidwa ku netiweki ya koleji, monga zimakhalira ndi zina zimene malaibulale amapeza kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno. Mu 540 lembani chilolezo chake ngati chanenedwa.

Kenaka lembani 588, gawo lomwe ambiri amalidumpha chonsecho ndi limene limakutetezani. Nenani kuti mwafotokoza kuchokera pa intaneti, kuti mutu mwautenga m'kanema kapena pa tsamba, tsamba lake ndi liti, ndi tsiku limene munaonera, mwezi ndi chaka zonse. Mnzanu amene adzatsegule linkiyo patapita zaka ziwiri n'kupeza kanema wa mphindi 18 wa mutu wina adzadziwa kuti eni ake ndi amene anasintha, osati kuti inu munalemba zabodza.

Mu Koha pangani mtundu wa katundu wapadera wa zinthu za pa intaneti, muusankhe mu 942 kagawo c, ndipo ngati dongosolo lanu likufuna kuti rekodi iliyonse ikhale ndi katundu wake, muikeni ngati wosabwerekeka kuti asamaoneke ngati ali pa shelefu. Mukasunga, musakhulupirire zimene mukuona ku mbali ya ogwira ntchito. Tulukani, tengani foni, tsegulani katalogu monga wowerenga wamba, fufuzani mawu akuti usipa, dinani linkiyo, ndipo mudikire mpaka mawu amveke.

Mapulogalamu otuluka mlungu ndi mlungu

Pulogalamu yotuluka mosalekeza, monga podikasiti kapena pulogalamu ya zaumoyo imene wailesi imaika pa intaneti mlungu uliwonse, ili ndi njira ziwiri. Mungalembe rekodi imodzi ya pulogalamu yonse, muike s pa malo 07 a Leader, munene mu 310 kuti imatuluka kangati, ndipo linki ilozere ku tsamba lomwe zigawo zonse zimapezeka. Kapena mungasankhe zigawo zokhazo zokhudza owerenga anu, chilichonse ndi rekodi yake, dzina la pulogalamu n'kuliika mu 490. Kwa laibulale ya ogwira ntchito awiri, njira yoyamba ndi yopepuka, ndipo yachiwiri muisungire zigawo zimene aphunzitsi amazifuna chaka ndi chaka. Koma linki yomvetsera wailesi nthawi yomwe ikuulutsa, kaya ndi Radio Maria kapena Dzimwe, musailembe ngati pulogalamu inayake, chifukwa wodinapo mawa adzamva zina.

Kuyendera malinki

Ntchito siithera pa kusunga rekodi. Ikani m'kalendala ya laibulale tsiku loyendera malinki, mwina kamodzi pa teremu, ndipo likhale la munthu wodziwika, osati la aliyense. Koha ili ndi kapulogalamu kotchedwa check-url-quick.pl komwe woyang'anira seva angakonze kuti kaziyenda kokha n'kutulutsa mndandanda wa malinki akufa, koma musakadalire kotheratu. Kanema akachotsedwa pa YouTube, kawirikawiri tsamba limatsegukabe n'kungolemba kuti kanemayo palibe, ndipo kapulogalamuko kamaona ngati zonse zili bwino. Malinki a makanema amafuna chala ndi maso a munthu, ndipo iyi ndi ntchito imene mungagawireko ophunzira odzipereka, aliyense marekodi khumi ndi pepala lochongapo.

Mukapeza linki yakufa, musathamangire kufufuta rekodi. Yambani mwafufuza mutu ndi dzina la eni ake, chifukwa nthawi zambiri amakhala kuti angosamukira pa tsamba latsopano, ndipo mukamupeza muonerenso pang'ono kutsimikiza kuti ndi yemweyo ndi kutalika komweko, musinthe 856, ndi kulemba tsiku latsopano mu 588. Yesaninso Wayback Machine ya Internet Archive, nkhokwe yosunga makope a masamba akale a pa intaneti, ngakhale kuti imasunga bwino masamba kuposa makanema. Ngati eni ake ndi a konkuno, monga wailesi ya m'dera kapena ofesi ya pa boma, alembereni kalata kapena apitireni, ndipo mupemphe zinthu ziwiri nthawi imodzi: linki yatsopano, ndi chilolezo cholembedwa choti laibulale isunge kope lake. Zonse zikakanika, bisani rekodiyo kwa owerenga poika 1 mu 942 kagawo n, mutaonetsetsa kuti OpacSuppression, switchi ya mu Koha yolola kubisa marekodi, ndi yoyatsa, ndipo mulembe mu 590 tsiku limene munapeza kuti linki yafa ndi kumene mwafufuzako, kuti pa ulendo wotsatira woyenderayo adzayambire pamene inu munalekezera.